Kusaka mapeni ndi ma nickel akale m'mipukutu ya ku banki kuno ku America

Abale anga amene muli kuno ku America, funso la makobidili landifika kokwanira tsopano. Wina andipeza ku tchalitchi, wina aimba foni ataweruka ku shifiti ya usiku, "achimwene, paja zomasula mapeni zanu zija zimayenda bwanji, nanga muli ndalama mmenemo?" Ndiye ndati ndilembe kamodzi kokha zonse zimene ndimayankha.

Za ndalamazo ndineneretu, simulemera nazo. Ngati vuto ndi lendi katengeni shifiti ina basi. Ubwino wake ndi wakuti simuluzanso kanthu, mwapereka $25 ya pepala akupatsani $25 yachitsulo, mwatolamo zimene mwakonda, zotsalazo zabwerera mu akaunti yanu. Chimene chimapita ndi nthawi ndi petulo. Koma tsiku limene mudzagwire kapeni ka 1919 kamene kayenda m'matumba a anthu zaka zoposa 100 ndipo mwakagula pa senti imodzi, mudzamvetsa chifukwa chake ena a ife sitisiya.

1. Dziwani chimene mukukapempha

Ku banki makobidi amawakulunga m'timapepala, mpukutu umenewo iwo amati roll. Mpukutu wa mapeni umakhala ndi mapeni 50, ndiye kuti masenti 50, pepala lake nthawi zambiri limakhala ndi zofiira. Wa ma nickel, aja a masenti asanu, umakhala ndi 40, ndiye kuti $2, pepala lake la buluu. Bokosi limodzi ndi mipukutu 50. Bokosi la mapeni ndi $25, la ma nickel ndi $100. La ma nickel limalemera makilogalamu 10 enieni chifukwa nickel imodzi ndi magalamu 5 ndipo alipo 2,000, ndiye musapite ndi kajumbo ka pulasitiki, tengani chikwama cholimba.

Mipukutu ilipo mitundu iwiri. Ina ndi yokulunga makina, yothina bwino, kumapeto kwake khobidi likuonekera, imeneyi imachokera ku makampani onyamula ndalama ngati Loomis ndi Brink's. Ina ndi yokulunga anthu wamba pamanja, yopindapinda kumapeto, mwina pepala lake lachita kuthimbirira. Ine ndimakonda yachiwiriyi, chifukwa kawirikawiri ndi ya munthu amene wakhutula botolo la agogo ake limene lakhala mu kabati zaka 40. Mukafika pa kauntala funsani ngati ali ndi customer wrapped rolls, amamva.

Chinanso, boma la America linasiya kusula mapeni oti aziyenda, omaliza anasulidwa ku Philadelphia pa 12 November 2025, chifukwa peni imodzi imadya masenti oposa atatu kuti ipangidwe. Akugwirabe ntchito ngati ndalama, koma mabanki ena ayamba kuwaumira. Akakukanizani bokosi lonse pemphani mipukutu isanu kaya khumi, kapena yambani ndi ma nickel.

2. Khalani ndi mabanki awiri musanagule olo mpukutu umodzi

Banki ina yogulako, banki ina yobwezako. Za kubwezazi ndizifotokoza bwino pa nambala 7, koma konzekeranitu pano. Mabanki ambiri sagulitsa bokosi kwa munthu amene alibe akaunti, ndipo ena amafuna muoderetu ndi kudzatenga sabata yamawa galimoto ya ndalama ikabwera. Funsaninso ngati amalipiritsa, chifukwa fizi ya $5 pa bokosi la $25 yadya kale phindu lonse musanamasule n'komwe.

3. Zida

Sizambiri ayi. Thaulo lakale loyala pa tebulo kuti makobidi asagubuduzike, nyale yowala bwino, kagalasi kokulitsa zinthu ka 10x kamene amati loupe, kamaginito olo ka pa fuliji, ndi sikelo yaing'ono ya digito yowerenga mpaka 0.01 ya galamu. Sikelo ya ku khitchini siithandiza, imangokuuzani 3 pa chilichonse. Makapu anayi kapena asanu osankhiramo ndi ndowa imodzi ya zobweza. Manja amada bii, ndiye valani magolovesi kapena sambani mukamaliza, ndipo ngati muli ndi mwana wokwawa m'nyumba chonde musachitire pansi, peni imamezeka.

4. Mapeni: yambani ndi kumbuyo

Ng'ambani pepala, khutulani, yalani. Ntchito yake ili ngati kusankha mpunga pa lichero, maso amazolowera okha kuona kamene kasiyana ndi anzake. Poyamba musalimbane ndi kuwerenga chaka pa peni iliyonse, mutopa msanga. Yang'anani kumbuyo. Mukaona chishango ndi ya 2010 kubwera kuno, iponyeni mu ndowa. Mukaona nyumba ya zipilala ija, Lincoln Memorial, ndi ya pakati pa 1959 ndi 2008. Za 2009 zili ndi zithunzi zinayi zosiyana za moyo wa Lincoln, pulezidenti wakale amene nkhope yake ili kutsogolo kwa peni, sungani zowala. Koma mukaona ngala ziwiri za tirigu zitazungulira mawu akuti ONE CENT, imani, imeneyo ndi wheat penny, ya pakati pa 1909 ndi 1958. Ikani mu kapu. Mwa apo ndi apo mutha kukumana ndi ya mutu wovala nthenga, Indian Head, ya 1859 mpaka 1909, imeneyo ndiye yosowa zedi m'mabokosi.

Mukatero tembenuzani za tiriguzo muone pansi pa chaka. Kachilembo kali pamenepo kamasonyeza mzinda umene inasulidwa, D ndi Denver, S ndi San Francisco, popanda chilembo ndi Philadelphia. Kachilembo kameneka ndi kamene kamasiyanitsa peni ya masenti atatu ndi peni ya madola mahandiredi. Zambiri za m'ma 1940 ndi m'ma 1950 zinasulidwa zochuluka kwambiri, mtengo wake ndi masenti ochepa chabe. Zofunika kuloweza ndi izi: 1909-S yokhala ndi zilembo VDB m'munsi kumbuyo, zinasulidwa 484,000 zokha, 1914-D, 1931-S, komanso 1922 yopanda D. Chaka chimenecho mapeni onse anasulidwa ku Denver, ndiye yopanda chilembo ndi yolakwika ndipo anthu amaifuna. Kuipeza m'bokosi ndi mwayi wa kamodzi pa moyo, koma dziwani nkhope yake kuti isakudutseni.

Pali zaka ziwiri zimene zimasokoneza anthu ambiri. Choyamba 1943. Chaka chimenecho mkuwa unkapita ku nkhondo, mapeni anawapanga ndi chitsulo chokutira zinki, amaoneka otuwa ngati dime, khobidi la masenti 10 lija, ndipo amakakamira ku maginito. Ndi osangalatsa kukhala nawo koma si odula. Yodula ndi ya 1943 yamkuwa, zimene zinasulidwa mwangozi zochepa kwambiri, ndiye akamberembere anapanga zabodza zambirimbiri, ena kukuta yachitsulo ndi mkuwa, ena kupala 8 wa 1948 kuti aoneke ngati 3. Mukapeza yofiira ya 1943 iyikeni pa maginito musanaimbire aliyense foni. Ikakakamira ndi yokutidwa basi.

Chachiwiri 1982. Mapeni asanafike 1982 ndi mkuwa 95 peresenti ndipo amalemera magalamu 3.11. Kuyambira 1983 ndi zinki yokutidwa kamkuwa kopyapyala, magalamu 2.5. Mu 1982 anasula mitundu yonse iwiri, ndi maso simungasiyanitse, apa ndi pamene sikelo ija imagwira ntchito. Anthu ena amasunga amkuwa onse m'mabotolo poti mkuwa wake ndi woposa senti imodzi. Zili kwa inu, koma werengani kaye nambala 9, komanso dziwani kuti amadzaza nyumba msanga.

5. Ma nickel: chilembo chachikulu pamwamba pa nyumba

Ine ndimati woyamba kumene ayambe ndi awa, chifukwa nickel ndi yolimba ndipo sinasinthe kwambiri kuyambira 1938, ndiye anthu saziona zakale, ya 1941 imangoyenda pamodzi ndi ya 1995. Nkhope ndi ya pulezidenti wakale Jefferson, kumbuyo kuli nyumba yake ya Monticello.

Chimene mukusaka kwenikweni ndi war nickel. Kuyambira chakumapeto kwa 1942 mpaka 1945 chitsulo cha nickel chinkafunika ku nkhondo, ndiye anasakaniza siliva 35 peresenti, mkuwa 56 ndi manganese 9. M'khobidi limodzi muli siliva magalamu 1.75, amene ndi woposa dola imodzi kutengera mtengo wa siliva tsiku limenelo. Kuizindikira kwake n'kosavuta, tembenuzani, pamwamba penipeni pa denga lozungulira la nyumbayo pali chilembo chachikulu, P, D kapena S. Zambiri zimaoneka zotuwa moderako, ngati zapakidwa utsi, mukazolowera mumaziona ngakhale cham'mbali mpukutu usanamwazike. Chenjerani ndi 1942, chaka chimenecho kunali mitundu iwiri, yopanda chilembo chachikulucho ilibe siliva.

Cholakwika chimene ndimachimva kawirikawiri ndi cha 1964. Anthu anamva kuti makobidi a 1964 kubwerera m'mbuyo ndi asiliva, zoona, koma zimenezo ndi za ma dime, ma quarter ndi ma half dollar. Nickel ya 1964 ilibe siliva ngakhale pang'ono, ndipo inasulidwa mabiliyoni oposa awiri, muzikumana nayo pafupifupi mumpukutu uliwonse. Mu ndowa.

Kuyambira 1938 mpaka 1964 kachilembo ka mzinda kali kumbuyo, kudzanja lamanja la nyumba. 1965 mpaka 1967 kulibe chilembo. Kuyambira 1968 kali kutsogolo pafupi ndi chaka. Sungani 1938-D, 1938-S, 1939-D, 1939-S ndi 1950-D, yomalizayi inasulidwa pafupifupi 2.6 miliyoni yokha. Za 2009 nazonso ndi zochepa poyerekeza ndi zaka zina, musazitaye. Mukaona njati kumbuyo onetsetsani kaye, ya 2005 ili ndi njati koma nkhope ndi ya Jefferson, pamene Buffalo nickel yeniyeni ya 1913 mpaka 1938 ili ndi nkhope ya mbadwa ya dziko lino. Zambiri chaka chinafufutika chifukwa chinali pamalo otukuka, zoterozo mtengo wake ndi wochepa koma sungani ndithu. Yakale kuposa pamenepo ili ndi V wamkulu kumbuyo.

Amene muli kufupi ndi malire a Canada, kaya Michigan kaya kumpoto kwa Indiana kaya New York, muzipeza makobidi a ku Canada ambiri. Apatuleni, makina owerengera amawakana.

6. Zilembo zooneka pawiri

Apa ndi pamene anthu amapsa mtima nane, chifukwa munthu amabwera ndi peni ali ndi chimwemwe chonse kuti wapeza doubled die, ine n'kumuuza kuti ayi. Doubled die ndi pamene chidindo chosulira chija chinapangidwa molakwika, zilembo zinalowa kawiri pa chidindopo, ndiye peni iliyonse yotuluka pamenepo ili ndi chilema chofanana. Zotchuka ndi 1955 ndi 1972, pamene chaka ndi mawu akuti LIBERTY zimaoneka pawiri ngakhale opanda galasi, 1969-S, 1983 kumbuyo pa ONE CENT, 1984 pa khutu la Lincoln, ndi 1995 pa LIBERTY. Ya 1995 ndi imene muli ndi mwayi weniweni woipeza.

Koma pali chinanso chimene amati machine doubling, chidindo chinangogwedera posula n'kukwecha chilembo cham'mbali. Chimenechi chilibe mtengo ndipo chili ponseponse. Tengani loupe, pendeketsani khobidi pansi pa nyale. Pa doubled die yeniyeni chilembo chachiwiricho ndi chotukuka, choburungika ngati chinzakecho, chilembo chonse chimaoneka chonenepa, ndipo kunsonga kwake kumagawanika ngati kamphanda. Pa machine doubling chachiwiricho ndi chafulati ngati kasitepe, ndipo chilembo chenichenicho chimaoneka kuti chadyedwa, chaonda. Pa 1969-S pali njira ina yachidule: nthawi imeneyo ka S ankakakhoma padera ndi manja pa chidindo, ndiye ngati chaka chili pawiri ndipo ka S nakonso kali pawiri mofanana, dziwani kuti ndi makina anagwedera.

Onaninso mawu akuti AMERICA kumbuyo kwa peni. Pa 1992 yabwinobwino A ndi M ndi otalikirana, mukapeza ogundana ndi yosowa kwambiri. Pa 1998, 1999 ndi 2000 zili mosemphana, abwinobwino ndi ogundana, osowa ndi otalikirana, makamaka 1999. Ine zaka zimenezi ndimaziponya mu kapu yakeyake n'kudzaziona pamapeto maso atapuma. Mapeni a zinki otupa timatuza kapena odyeka mabowo si chilema cha mtengo, ndi kuwola chabe.

7. Kubweza

Apa ndi pamene ambiri amagwera ulesi n'kusiya, ndipo anthu okuuzani za mapeni a madola masauzande sakuuzani zimenezi. Mwamaliza bokosi, mu kapu muli tinthu khumi kaya makumi awiri, mu ndowa muli makobidi pafupifupi zikwi ziwiri omwazika, ndipo $100 yanu ili mmenemo. Kuti ibwerere kukhala ndalama yogulira zinthu pafunika nzeru.

Choyamba, musabweze kumene mwagula. Wa pa kauntala amene wakunyamulirani bokosi Lachiwiri akakuonani Lachinayi mukulibweza lomwelo, ulendo wina akuuzani kuti alibe, ndipo sangalakwe, mwamuchulukitsira ntchito yopanda phindu ku banki yake. Kuonjezera apo adzakugulitsaninso makobidi anu omwewo. Banki yobwezako, imene anthu a masewerawa amati dump bank, ikhale ina, ndipo ngati n'kotheka ikhale yonyamulidwa ndi kampani ina, mungoona dzina pa galimoto imene imaima panja kapena pa mapepala a mipukutu yawo.

Chachiwiri, fufuzani mmene iwo amalandirira musanapite ndi katundu. Malo abwino koposa ndi okhala ndi makina owerengera aulere kwa mamembala, kawirikawiri ma credit union ndi mabanki ang'onoang'ono a m'dera. Mumangokhutula, makina awerenga, mutenga kalisiti kupita nako pa kauntala. Mabanki ena alibe makina, amafuna muwakulunge nokha, ndipo mapepala ake ambiri amapereka ulere mukapempha. Ngati zili choncho musang'ambe mapepala pomasula, tsegulani mbali imodzi, kankhani ndi pensulo, mukasankha bwezeranimo nthawi yomweyo ndi kuikamo ena m'malo mwa amene mwachotsa. Chonde mpukutu ukwane, 50 mapeni, 40 ma nickel. Mpukutu woperewera ndi kuba, olo ikhale senti imodzi, ndipo akakugwirani kawiri akutsekerani khomo. Sikelo imathandiza, mpukutu wa ma nickel wokwana ndi magalamu 200 osawerengera kapepala. Ena amalandira omwazika m'thumba lapulasitiki lomata, n'kutumiza kukawerenga, ndalama imalowa patapita masiku, ndiye musagwiritse ndalama ya lendi kapena yotumiza kumudzi sabata imeneyo.

Makina obiriwira a Coinstar a m'masitolo aja amadula kupitirira 10 peresenti mukafuna kashi. Pa bokosi la $100 mwataya zoposa $10, siliva yense mwapeza uja wathera pomwepo. Ngati palibiretu njira ina sankhani gift card ya sitolo imene mumagulako kale, imeneyo nthawi zambiri sadula, koma onani kaye pa makinawo.

Chachitatu, ulemu. Musapite Lachisanu madzulo, Loweruka m'mawa kapena kumayambiriro kwa mwezi pamene mzere wafika pakhomo. Pitani pakati pa sabata cham'ma 10 koloko. Imbani kaye foni ngati katundu ndi wambiri, thumba la m'makina likadzaza pakati pa ntchito amene amalisintha ndi wantchito yemweyo ndipo ndi lolemera. Chotsanitu zinyalala, timapepala, mabatani, makobidi opindika ndi akunja, chifukwa makina akatsamwa chifukwa cha inu nkhope yanu saiiwala. Bokosi limodzi kapena awiri pa ulendo, osati galimoto yodzaza. Auzeni zoona kuti mumatolera makobidi akale, musachite zobisabisa ngati pali chinachake, ndipo muwathokoze powatchula dzina. Wa pa kauntala akakuzolowerani ndi yemweyo amene adzakusungireni mipukutu ya agogo ija ikabwera.

Ngati mukubweza yokulunga, lembani kachizindikiro kanu ndi maka pa pepala. Ikadzakupezaninso mudziwa osamasula. Ndipo mudzakumana ndi mabokosi opanda kanthu, mwina onse atsopano a chaka chimodzi, mwina wina anasankhamo kale. Zimachitika kwa aliyense. Ngati mukuona kumapeto kwa mipukutu yonse kukung'anima mofanana, musavutike n'kumasula, kasiyeni momwemo ku banki inayo.

8. Musatsuke

Ndikupemphani ndithu, osatsuka. Osati ndi viniga, osati ndi soda, osati ndi mankhwala otsukira mano, osati ndi sitiliwulu. Kuthimbirira kuja ndi kumene ogula amafuna, khobidi lotsukidwa amalizindikira nthawi yomweyo ndipo mtengo umagwa kwambiri. Gwirani m'mbali mokha. Zabwinozo ikani m'timakatoni ta 2x2 tokhala ndi windo, lembani chaka ndi chilembo, zina zonse m'mafoda a Whitman aja okhala ndi mabowo a chaka chilichonse. Ana amakonda kwambiri kudzaza mabowowo, ndipo mbiri ya dziko lino amaiphunzira pomwepo.

Pofuna kudziwa mtengo musaone zimene anthu akutchula pa eBay, munthu atha kulemba $5,000 pa peni wamba, onani zimene zinagulidwadi. Mukaganiza kuti mwapeza chachikulu pitani nacho ku shopu ya makobidi ziwiri zosiyana mumve onse. Kutumiza ku PCGS kapena NGC kuti akachitsimikize kumadya madola makumi angapo pa khobidi limodzi, ndiye ndi kwa chinthu chokhacho chimene mtengo wake ukuposa pamenepo kutali.

9. Lamulo, makamaka kwa opita kumudzi

Kuyambira kumapeto kwa 2006 ndi mlandu kusungunula mapeni ndi ma nickel a dziko lino, chilango chake chimafika $10,000 kapena zaka zisanu m'ndende. Ndiye amkuwa mukusunga aja mutha kuwasunga kapena kugulitsa kwa wotolera mnzanu, koma osapita nawo kwa ogula zitsulo. Ma war nickel okha ndi amene lamuloli linawapatula.

Lamulo lomweli likukhudzanso kutuluka nawo m'dziko, ndipo izi ambiri a ife sitizidziwa. Munthu wa pa ulendo amaloledwa kunyamula mapeni ndi ma nickel osapitirira $5, kapena $25 ngati zikuonekeratu kuti ndi zotolera zake osati malonda. Amawerengera mtengo wolembedwa pa khobidi, ndiye foda yodzaza ndi mapeni a tirigu yopita kwa adzukulu ku Lilongwe kapena ku Chipata ili bwinobwino, koma bokosi lathunthu la ma nickel mu sutikesi ayi. Fodayo ikani mu chikwama cha m'manja pamwamba, chifukwa zitsulo zambiri pamodzi zimaoneka zakuda pa makina a pa eyapoti ndipo nthawi zambiri amafuna atsegule aone.